Kompyuta yothima isanafike pa Windows

Munthu akandibweretsera kompyuta yothima yokha poyatsa, ndimayamba ndamufunsa kuti ikuthimira pati. Ina imangozungulitsa feni kamodzi n'kufa. Ina imayamba yaonetsa dzina la kampani yopanga motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo. Ina imapirira mpaka timadontho ta Windows titayamba kuzungulira. Ameneŵa ndi mavuto osiyana, ngakhale eni ake onse amangoti "siikuyaka."

Lolemba m'mawa, pashopu yanga pa Kamuzu Road kuno ku Salima, panafika pa kabaza mnyamata wojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kompyutayo anamanga yekha, zipangizo akugula chimodzichimodzi ku Lilongwe, zina anamutengera msuweni wake ku Johannesburg. Munali purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 3600, motherboard ya B450, ma RAM (mosungira zinthu kwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito) awiri a DDR4 a 8GB iliyonse, ndi khadi la zithunzi la GTX 1660 Super. Mawaya anawamanga mwaudongo, ndipo ndinamuyamikira.

"Achimwene, ndalama zanga zonse zathera m'menemu," anatero, "ndiye eni ukwati akufuna vidiyo yawo Loweruka."

Titayatsa, inadutsa bwinobwino kudziyesa kumene kompyuta imachita poyamba, kuja timati POST. Windows itangoyamba kulowa, phethi, zonse zii. Zimenezi zinachotsa kale zinthu zingapo pamndandanda. Pakanakhala kachitsulo kokwezera motherboard komangidwa pamalo olakwika n'kumagunda kunsi kwake, kapena waya wa mapini 8 wa purosesa ukanaiwalika, sitikanaona chilichonse pa sikirini. Nkhani ya BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yomwe imadzutsa kompyuta Windows isanalowe, nayonso inagwa. Ma B450 oyambirira amafuna BIOS yatsopano kuti azindikire Ryzen za mu 2019, koma iyi inali kuizindikira kale purosesayo.

Ndinayamba ndi kutentha, chifukwa Okutobala wa kunyanja kuno sachitira chisoni makina. Ndinaisiya mu BIOS ndikuyang'ana: purosesa inakhazikika cha m'ma 50 digiri, pomwe malire ake ndi 95. Ndinachotsabe chozizitsira kuti ndione ndi maso, popeza ena amaiwala kapulasitiki kotchinga kunsi kwake. Kunalibe. Ndinapukuta, ndikupaka thermal paste watsopano, phala lothandiza kutentha kuchoka pa purosesa kupita ku chozizitsira, ndikumanga masikuluwu mopingasa kuti chikhale mofanana.

Lachiwiri linathera pa RAM: imodzi payokha, inzake payokha, kusintha malo, kuchotsa kabatire ka CR2032 kuti BIOS ibwerere mwakale. Palibe chinasintha. Pakatipo ndinathamangira kusukulu ina kumene printer imatafuna mapepala a mayeso, ndiponso ndinapemerera fumbi m'laputopu ya amayi ena a ku Chipoka.

Lachitatu ndinatulutsa zonse m'bokosi n'kuziyala pa katoni ya motherboard. Apa pali kovuta kena ndi Ryzen 5 3600: ilibe mbali yoonetsera zithunzi mkati mwake, choncho sungangozula khadi n'kulumikiza sikirini ku motherboard. Pa chifukwa chimenechi ndimasunga kakhadi kakale ka GT 710, komwe kamadya mawatsi osafika 20 ndipo sikafuna waya wakewake. Nditakaika, Windows inalowa mpaka mkati. Mu Event Viewer, momwe Windows imalemba zochitika zake, munali mzere wa Kernel-Power 41 wobwerezabwereza, umene umangotanthauza kuti makina anathima osatsekedwa mwadongosolo. Sutchula wolakwa, koma unagwirizana ndi zimene ndinkaganiza.

Panatsala ziwiri: khadi lalikulu lija, kapena power supply, chipangizo chogawira magetsi ku zonse za m'kompyuta. Mnyamatayo anadzandizonda masana ndipo anakana zoti n'kukhala power supply. Anati anaiyesa yekha kunyumba polumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi ya mapini 24, feni n'kuzungulira. Kuyesa kumeneku n'koona, koma kumangosonyeza kuti chinthucho chikudzuka. Zili ngati kuliza injini ya bwato pamtunda. Mphamvu zake zenizeni zimaoneka likadzaza usipa pa mwera. Khadi la GTX 1660 Super limakoka mpaka mawatsi 125, purosesa ndi ya 65, ndipo zonsezi zimachokera ku mzere wa 12V. Mu BIOS khadilo limakhala ngati lagona. Windows ikamalowa, purosesa imagwira ntchito mwamphamvu, khadi nalonso limadzuka, ndiye katundu yense amagwera pa mzere umodziwo nthawi imodzi.

Tinabwezera khadi lalikulu lija n'kuika mita yoyezera magetsi pa waya wachikasu wa 12V ndi wakuda, iye akuyang'ana. Muyezo wa ATX umene ma power supply ngati imeneyi amatsatira umalola kuti 12V itsike kapena kukwera ndi 5 peresenti yokha, kutanthauza pakati pa 11.4 ndi 12.6. Mu BIOS inali m'malire. Timadontho titayamba kuzungulira, nambala inagwa pansi pa 11.4, makina n'kuthima. Ndinabweretsa power supply yanga yoyesera, khadi lomwelo, zonse zomwezo. Inayaka n'kukhala.

Yake ija inabwera pamodzi ndi bokosi. Pa chomata panalembedwa 500W ndi zilembo zazikulu, koma poinyamula inali yopepuka, ndipo pa timanambala tating'ono ta m'munsi mzere wa 12V unali wochepa kwambiri kuyerekeza ndi nambala yaikuluyo. Waya wa mapini 8 wa khadi inalibe, moti anachita kugwiritsa ntchito kolumikizira kochokera ku mawaya a Molex, mapulagi akale a mapini 4. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa anyamata ambiri amasunga ndalama miyezi kuti agule purosesa ndi khadi, kenako chipangizo chimene chimadyetsa zonsezo amangolandira chilichonse. Chikafa moipa chimatha kupita ndi motherboard ndi disiki yomwe. Anandifunsa ngati tingaitsegule n'kuikonza, ndinakana. Ma capacitor a mkatimo amasunga magetsi oopsa ngakhale utazula pakhoma, komanso palibe chinawonongeka choti tisinthe: inapangidwa yochepa mphamvu kuyambira pachiyambi.

Lachinayi anakwera minibasi ya ku Lilongwe. Ndinamulembera papepala zoti akayang'ane: ya 550W, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze chosonyeza kuti sitaya magetsi ambiri, waya wa khadi wakewake, komanso kuti pafupifupi mawatsi onse akhale pa 12V. Opanga khadilo amalangiza 450W, ndiye 550W ikumusiyira mpata akadzawonjezera ma disiki.

Lachisanu tinabwezera zonse m'bokosi. Sindinafune kuti ichoke itangoyaka chabe, choncho tinaipatsa ntchito yake yeniyeni, kutulutsa vidiyo ya ukwati ija, mita ili pomwepo. 12V sinasunthe kwenikweni, purosesa inafika m'ma 70 digiri, ndipo vidiyo inatha madzulo asanakwane. Ndinamuuza kuti bokosi asamaliike pansi pomwe pali fumbi, ndiponso kuti magetsi athu a 230V akathima pakati pa ntchito angamuwonongere mafailo, choncho UPS, kabokosi ka batire koyendetsa kompyuta kwakanthawi magetsi akathima, ikufunika. Anati agula eni ukwati akamulipira.