Pudingi ya buledi pa mbaula: pansi pasiya kupserera

Anzanga okonda kuphika, pudingi ya buledi yomwe inkandipserera pansi dzulo yatheka. Pakati yagwirana bwinobwino, pamwamba yafiira, ndipo pansi palibe chakuda chilichonse.

Muyezo wake ndi uwu: buledi mmodzi wogona, mazira 3, mkaka makapu 2, shuga theka la kapu, majarini ndi sinamoni pang'ono. Mabuku amati uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 40. Nanga ife a mbaula madigiriwo tiwayeza ndi chiyani?

Chomwe chinandidyera masiku ndi moto. Njira ya chigumu, makala pansi makala ena pachivundikiro, imayenda bwino ndi mgaiwa, koma mazira ndi mkaka safuna ukali wotero. Mazira amagwirana madzi asanafike powira, ndiye moto ukapitirira amalekana ndi mkaka. N'chifukwa chake pansi pamapserera pomwe pakati pakadali madzimadzi. Mchenga pansi pa poto unathandizako pang'ono. Chimene chathetsa nkhaniyi ndi kuika chitini cha pudingi m'sefuliya yaikulu ya madzi otentha, madziwo afike theka la chitinicho. Madzi sapyola madigiri 100, choncho kutentha kumalowa mofatsa. Pansi musiye makala ochepa, ongoti madzi aziwira pang'onopang'ono. Ambiriwo muwasungire pachivundikiro mphindi 15 zomaliza kuti pamwamba pafiire. Mukabaya mpeni pakati uzituluka woyera.

Za buledi: kuno ku Salima nthawi ya dzinja sauma, amangochita chuku. Ndimamudula tizidutswa n'kuyanika palichero, ndi kansalu pamwamba chifukwa cha ntchentche. Wouma amamwa mkaka bwino, wa lero amangosanduka phala. Mumuviike theka la ola asanapite pamoto.

Mazira ndimatenga kwa amayi ena pamsika wa Kamuzu Road. Ndi achikuda, ang'onoang'ono, moti ndimaika 4, koma mtundu wake wachikasu uja a nkhuku zoyera sangaufike. Shuga ndimakonda wabulawuni. Nzimbe zili pakhomo pompano, ku Dwangwa, tisamachite ngati ndi chinthu chosowa. Mphesa zouma n'zodula, ine ndimaika nthochi zakupsa kwambiri, zomwe kale zinkathera ku zitumbuwa.

Mango akayamba mu Novembala ndiyesa kuikamo, ngakhale madzi ake akhoza kusokoneza muyezo wa mkaka. Ndikuganizanso zomanga uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba, mwina n'kumakagulitsa kwa alendo ku Senga Bay pa Khirisimasi. Amene munamangapo wotere, chitseko munapangira chiyani?