Chala chinkadziwa, mutu ayi

Popeza kavidiyo ka kamera ya pachitseko kafika kale m'mafoni mwanu, ndipo ena mwayamba kunditchula kuti Bambo Kalikuleta, lekani ndifotokoze ndekha musanawonjezere zanu.

Choyamba, nambala yachinsinsi ija sindinaiwale. Munthu amaiwala chimene ankachidziwa. Ine nambalayo sindinaidziwepo, inkadziwika ndi chala changa cha mkombaphala. Zaka zisanu ndi chimodzi chalacho chinkangotsika mabatani atatu a kumanzere n'kukhotera kumanja kamodzi, ngati chikulemba L, chitseko cha chipinda cha mafaelo n'kutseguka. Mutu sunkafunsidwa n'komwe.

Ndiye Lolemba lija ndikupeza kamakina katsopano, mabatani ake akuda bii, opanda cholembedwa. Kukhudza, manambala n'kuyaka, koma atabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Pamene pankakhala 1 pali 9, ziro wakwera pamwamba ngati wakwezedwa pantchito. Chala sichinadikire, chinalemba L wake. Piii! Kagetsi kofiira. Ndinati mwina chaterereka, ndibwereze. Manambala anali atasinthananso malo. Piii!

Pamenepo m'pamene mukundiona muvidiyomo ndikulemba m'malere. Sindinkapemphera, ngakhale ena mwafalitsa choncho. Ndinkafunsa chala kuti mnzanga, zaka zonsezi unkadina chiyani? Chala duu. Ndinatsinzina, n'kutambasula dzanja, n'kudina mpweya pang'onopang'ono. Ndinayesa ndi dzanja lamanzere, mwina linkaonerera. Kumbuyo kwanga kunali kutaima anthu atatu ofuna mafaelo, mmodzi akutsokomola chifuwa chabodza. Nkhope yanga ili pafupi ndi kamakinako ngati ndikukanunkhiza, chifukwa manambala ake saoneka ukaima chammbali, anakapanga dala choncho kuti wosuzumira asaone kanthu.

Kenako nzeru zinabwera, ndipo ndikuumirirabe kuti zinali nzeru. Ndinati foni ili ndi mabatani osasuntha, ndilembe L pamenepo, ndiwerenge manambalawo. Ndinatulutsa foni, m'manja muli thukuta lokhalokha, n'kutsegula choyamba chimene chinali ndi manambala. Kalikuleta. Kulemba L: 7, 4, 1, 2. Ndinamwetulira, anzanga, mwaona nokha kumwetulira kwake. Ndinatembenukira anthu atatu aja n'kuwagwedezera mutu ngati dokotala amene wapeza matenda. Ndinasakasaka manambalawo limodzilimodzi pakamakina kaja, modekha, mwaulemu, ndi chala chimodzi m'mwamba ngati wotsogolera kwaya.

Piii! Piii! Piii! Kachitatu, chitseko n'kudzikhoma chokha.

Ndani mwa inu ankadziwa kuti kalikuleta imayamba ndi 7, 8, 9 pamwamba, pamene poimbira foni pamayamba 1, 2, 3? Musaname. Zakhala choncho kuyambira 1963, pamene kampani ya Bell ku America inatulutsa mafoni a mabatani, ndipo dziko lonse langokhala chete kudikira tsiku loti ine ndichite manyazi. Nambala yanga inali 1, 4, 7, 8. Ndinailemba chadodolido. Yasinthidwa kale, musavutike.

Mkulu wa zachitetezo anabwera osathamanga n'komwe, atanyamula kamakina kakale kaja m'manja ngati umboni wa kukhoti. "Bambo, taonani apa." Mabatani anayi anali atafufutika mbee, enawo ali atsopano ngati ogula dzulo. Anati nambala ya manambala anayi imatha kusanjidwa m'njira 10,000, koma wakuba akangoona mabatani anayi otha chonchi, zimamutsalira njira 24 zokha zoti ayese. N'chifukwa chake anaika kosakaniza manambala: chala chisasiye mapazi, ndipo woonera patali asaloweze kayendedwe ka dzanja. Mwachidule, kamakinako anakagula chifukwa cha ine. Ndinayankha kuti ndiye kakugwira bwino ntchito, poti ngakhale mwini nambala wakanika kuiba. Sanaseke.

Komatu tinene zoona, njira 24 zija palibe wakuba anaziyesapo zaka zonsezi. Munthu yekhayo amene chitsekocho chinamukaniza kulowa ndi ine.

Nambala yatsopano ndailoweza ndi mutu, moti ndikamasaka manambala obalalikawo ndimaitchula chapansipansi kuti isandithawe. Dzulo ndili pa nambala yachitatu, mayi amene amakolopa pakhonde paja anandiuza yachinayi.