Thalauza Langa Linakula ndi Masentimita 4

Ntchito yanga ndi yautelala. Kashopu kanga kali chakummwera kwa Johannesburg, makina atatu ndi anyamata awiri ondithandiza, ndipo chiuno cha munthu ndimachiyeza ndi maso asanavule n'komwe jekete. Za mfuti sindinkaziganizira mpaka mu June 2021, Lachisanu lina madzulo, pamene amuna awiri analowa ngati makasitomala, wina atakoleka thalauza pamkono ngati akufuna ndimubwezere miyendo. Anatenga ndalama za sabata yonse, mafoni atatu ndi masuti awiri a ukwati wa eni ake. Sanandimenye. Anangondigoneka chafufumimba pansi pa tebulo lodulira nsalu, kachitsulo kozizira kali pakhosi.

Kunena zoona, ndikanakhala ndi mfuti tsikulo sikanandithandiza, chifukwa anali atandiloza kale. Chinandisowetsa tulo n'choti mwana wanga wamkazi amadzera kushopuko akaweruka kusukulu, ndipo tsiku limenelo anangochedwa pang'ono chifukwa cha masewera a netibolo. Ndinaika geti lachitsulo ndi makamera, ndinasiya kusunga ndalama m'dirowa. Kenako tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, n'kugwirizana kuti ndikafunse za laisensi ya mfuti.

Lamulo la kuno ndi Firearms Control Act la chaka cha 2000. Poyamba umafuna pepala lotchedwa competency, lotsimikiza kuti ndiwe woyenera kukhala ndi mfuti, ndipo amalipereka kwa nzika kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, wa zaka 21 kupita m'mwamba, wopanda mbiri ya milandu yachiwawa. Ine chilolezocho ndinachipeza kudzera m'banja, mayi a kunyumba ndi a konkuno. Abale anga amene muli pa mapepala a kanthawi, khomo ili n'lotseka kwa inu, ndipo mfuti ija yogula kuseri kwa hositelo ndi tikiti ya kundende basi. Ukaphunzira ndi kukhoza mayeso a lamulo ndi a kagwiridwe ka mfuti, umapita kwa wapolisi woona za mfuti pa siteshoni ya kwanu, amene amamutcha DFO. Anansi ako amafunsidwa za khalidwe lako, ngakhale mkazi wako yemwe.

Zinthu ziwiri za m'lamuloli n'zimene zinandivutitsa posankha. Gawo 13, lomwe ndi la mfuti yodzitetezera, limakulola imodzi yokha, kwa zaka 5. Ndipo umayamba wagula mfutiyo, wogulitsa n'kuisunga, iwe n'kulemba nambala yake pa fomu yofunsira laisensi, kenako kudikira miyezi. Ukasankha molakwika wataya ndalama ndi chaka chomwe. Gawo 84 nalo limati ukayenda nayo pagulu ikhale mu holster yake, kathumba kovala pathupi koikamo mfuti, kapena m'chikwama choyenera, yophimbika yonse. Kuno kubisa mfuti n'kokakamiza.

Ndiye ine ndinalowa m'sitolo ya mfuti ndili ndi ganizo limodzi: yaing'ono kwambiri. Ndine munthu wochepa thupi, chiuno 30, ndipo ndinkaona kuti chilichonse chachikulu chizituluka ngati chotupa. Maso anga anagwera pa Glock 42, kamfuti kopepuka kolowa zipolopolo 6 za .380, zimene kuno amazitcha 9mm Short. Kanakwana m'dzanja ngati foni. Ndinatsala pang'ono kupereka dipoziti, koma mphunzitsi amene anandiyesa mayeso, mdala wina yemwe anagwirapo upolisi kalekale, anali atandiuza kuti ndisagule kanthu ndisanakawombere. Ankanditcha "Malawi", dzina langa silinamukhale pakamwa.

Loweruka lotsatira anandiyalira mfuti zisanu patebulo kumalo ophunzirira kuwombera, pepala analipachika pa mamita 7.

Tinayamba ndi kavolovolo kamphuno yaifupi ka Smith & Wesson, ka zipolopolo 5 za .38 Special, kopepuka kosafika theka la kilogalamu. Anthu ambiri amati mtundu umenewu ndi wabwino kwa woyamba kumene chifukwa suvuta, umangokhethemula basi. Ine kanandiluma. Pokhethemulira pake ndi polimba, umakoka mtunda wautali, ndipo pamene ukulimbana napo mphuno ya mfuti imakhala ikuyendayenda. Kakalira, mphamvu yonse imathera pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Nditawombera 10 dzanja linachita dzanzi, ndipo ndinakumbuka kuti Lolemba dzanja lomwelo liyenera kugwira sizasi. Pa pepala panali mabowo 6 okha, omwazikana ngati chimanga chofesera nkhuku.

Glock 42 ija inali yofatsa, sindikana. Koma chala changa chakanise chinalibe pogwira, chinkangolendewera m'munsi. Glock 43, yomwe ndi yofanana nayo koma ya 9mm yeniyeni, nayonso zipolopolo 6, inkadumpha m'dzanja moti ndikawombera kamodzi ndinkayamba ndaikonzanso kagwiridwe. Apa m'pamene mdala uja anandifotokozera chinthu chimene aliyense wogwira chitsulo amachidziwa: chipolopolo chimodzimodzi chikaphulikira m'mfuti yopepuka, palibe kulemera koti kumeze mphamvuyo, ndiye imabwera yonse kwa iwe. Kuwonjezera apo, timaso tiwiri tolozera timakhala toyandikana pa mfuti yaifupi, kotero kuphonya pang'ono pa diso kumakhala kuphonya kwambiri pa pepala.

"Malawi," anatero, "yaing'ono ndi ya odziwa. Iwe sunafike."

Kenako anandipatsa Glock 19, ya zipolopolo 15, yolemera pafupifupi magalamu 850 ikadzaza. Mabowo onse anasonkhana pamalo oti n'kuphimba ndi chikhatho. CZ P-10 C nayo inachita chimodzimodzi. Ndinabwerera kunyumba nditasokonezeka: imene ndinkaikhoza sindinkaona pomwe ndingaibise, imene ndinkatha kuibisa sindinkaikhoza.

Pa za kukula kwa chipolopolo ndinataya nthawi yambiri usiku pa YouTube, ndipo zambiri zinali mikangano ya anthu okonda kukangana. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti zitatu zimene ndinkasinkhasinkha zonse n'zofanana m'mimba mwake, pafupifupi mamilimita 9. Ngakhale .38 Special, dzina lake limanamiza, kukula kwake kwenikweni ndi .357 ya inchi. Kusiyana kuli pa kachitini ka onga ndi kulemera kwa mutu. Ka .380, kamene John Browning anapanga mu 1908, kachitini kake n'kotalika mamilimita 17 ndipo mutu umalemera pafupifupi magalamu 6. Cha 9mm Parabellum cha Georg Luger, chomwe chinabwera zaka zochepa izi zisanachitike, n'cha mamilimita 19, mutu magalamu 7.5 mpaka 9.5, ndipo chimatuluka ndi mphamvu zambiri. Mamilimita awiri okhawo, koma m'dzanja umawamva.

Nkhani imene inandikhazika mtima pansi ndi ya FBI ya ku America. Pa 11 April 1986 ku Miami, apolisi awo awiri anaphedwa powomberana ndi achifwamba awiri, mmodzi mwa achifwambawo atalasidwa kale ndi 9mm koma n'kupitirizabe kumenya nkhondo. Bungweli linaloza chala chipolopolocho, linasamukira ku 10mm, kenako ku .40 S&W, ndipo linakhazikitsa muyeso woti chipolopolo chizilowa mainchesi 12 mpaka 18 mu phala loyesera lija amati gelatin. Patatha zaka pafupifupi 30 anabwereranso ku 9mm, ponena kuti zipolopolo zamakono zikukwanitsa muyesowo, ndipo anthu awo amalasa bwino ndi msanga ndi mfuti yosakankha kwambiri. Ndinati ngati anthu a ndalama zawo anazungulira ulendo wonsewo n'kubwerera pomwe anayambira, telala wa ku Ntcheu ndizungulirenji?

Chinanso ndi thumba. Lamulo limakulola kusunga zipolopolo zosaposa 200 pa mfuti ya laisensi ngati yanga, ndiye umagula pafupipafupi ngati ukufuna kuphunzira. Za 9mm zimapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti, apolisi ndi makampani a alonda amagwiritsa zomwezo, ndipo m'masitolo amene ndinayendamo zinali zotsikirako mtengo kuposa za 9mm Short. Chipolopolo chodula chimakupangitsa ulesi wopita kokaphunzira.

Za kubisa zija, mdala uja anandibwereka mfuti yapulasitiki yabuluu, youmbidwa ndendende ngati Glock 19, ndi holster yake, kuti ndiivale sabata yathunthu kushopu. Apa ndiye utelala unandithandiza. Ndimakhala pa makina maola ambiri nditawerama, ndipo ndimagwada kawirikawiri kubaya mapini m'miyendo ya mathalauza a makasitomala. Kutsogolo, pafupi ndi zipi, kumene achinyamata amakonda, inkandibaya pantchafu ndikangokhala. Ndinaisunthira kumanja, kuseri pang'ono kwa msoko wa m'mbali. Ndinaima pa galasi lalikulu lija loyesera masuti, n'kuwerama, n'kutembenuka, ndipo ndinaona kuti mpope suoneka n'komwe chifukwa umalowa m'thalauza. Chimene chimatukula malaya ndi chogwirira, makamaka kangodya kake ka m'munsi, komanso kunenepa kwa mfutiyo. Mnyamata wanga mmodzi anandifunsa Lachitatu kuti, "Bwana, msana wayambanso?" Ndinadziwa kuti 19 yandikanika.

Ndinagula Glock 43X, imene inatuluka mu 2019. Ndi yopyapyala, mamilimita 28 pamene 19 ndi 34, koma chogwirira chake n'chotalika mokwanira zala zonse, ndipo imalowa zipolopolo 10 za 9mm. Ikadzaza imalemera pafupifupi magalamu 650. SIG P365 ndinaigwirako, nayonso imalowa 10 m'kathupi kochepa kuposa apa, koma dzanja langa silinagwirizane nayo. Sindikunena kuti yanga ndiyo yabwino kwa aliyense. Mnzanga wina woyendetsa thiraki, wa chiuno 40, amayenda ndi CZ 75 yachitsulo chokhachokha ndipo simungadziwe.

Laisensi inatenga miyezi yoposa 7, ndikupita ku siteshoni kukafunsa mpaka wapageti anandizolowera. Nthawi yomweyo nkhani inali mkamwamkamwa ya bilu imene boma linatulutsa mu 2021 yofuna kuchotsa kudziteteza pa zifukwa zopezera mfuti, ndiye ndinkagona ndikuganiza kuti ndalama zanga zapita. Khadi linatuluka mu 2022.

Holster ndinkafuna kusoka ndekha. Zikopa zotsala ndinali nazo, makina olimba ndili nawo, ndiye ndigulirenji? Mdala uja anakana kwamtuwagalu. Glock ilibe kabatani kotsekera ndi chala chachikulu ngati mfuti zina, kotero chimene chimaiteteza ndi holster yolimba yophimba pokhethemulira ponse. Chikopa chofewa chikakalamba chimapindika, ndipo mpendero wake kapena nsonga ya malaya ikhoza kulowa pamenepo pobwezera mfuti. Ndinagula ya pulasitiki yolimba yotchedwa Kydex, ndi lamba wochindikala wosapindika. Lamba wa ku tchalitchi uja amangogwa mbali imodzi. Gawo langa linali la nsalu: mathalauza anga onse ndinawamasula kumsoko wa kumbuyo ndi masentimita 4, timalupu ta lamba ndinatisuntha kuti tisalimbane ndi kachingwe ka holster, ndipo ndinadzisokera malaya osapisira, a nsalu yolemererako ya mandalasi kapena mizeremizere. Nsalu yoyera yopepuka imaulula chilichonse. Masiku ano ndikamayeza kasitomala n'kuona akubweza chiuno chakumanja tepi ikamafika, ndimangofunsa motsitsa mawu kuti, "Tisiyeko malo pang'ono apa, achimwene?" Ena amaseka, ena amangogwedeza mutu.

Chimene palibe anandiuza m'sitolo ndi mmene mfutiyi imakusinthira makhalidwe. Mowa wa Lachisanu ndinasiya, chifukwa kugwira mfuti utaledzera ndi mlandu, ndipo kuiloza munthu popanda chifukwa chomveka ndi mlandunso ngakhale usanawombe. Woyendetsa taxi akandidula pamsewu ndimangomusiya, pamene kale ndinkatsitsa galasi. Munthu akandilanda foni n'kuthawa, lamulo silindilola kumuwombera kumsana. Ndikafika kunyumba imalowa m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma ndisanavule nsapato, limeneli ndi pangano langa ndi mayi a kunyumba, ndipo kiyi sachoka pakhosi panga. Mwezi uliwonse ndimakawombera zipolopolo 50. Zaka zonsezi sindinaitulutsepo pa munthu. Pakhoma la shopu, pambali pa miyezo ya makasitomala, ndinalemba ndi choko tsiku lokaperekera fomu yowonjezera laisensi, chifukwa iyenera kufika masiku 90 yakale isanathe, ndipo anthu ambiri analowa m'mavuto chifukwa chongoiwala.

Khirisimasi yapitayi tinakwera basi kupita kumudzi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Laisensi yanga imathera pa mlatho wa Limpopo, ndiye mfuti inatsala yokhomeredwa. Malume anga, amene amasimbabe za gogodela ya agogo yothamangitsira nguluwe m'munda, anakhumudwa kuti sindinabwere nayo kuti aione. Ndinawaonetsa chithunzi pa foni, iwo n'kuti kameneko sikangaphe ndi nyani yemwe. Azakhali anga sanalowerere za mfutizo. Anangoyang'ana thalauza langa likukhwepa m'chiuno, lamba nditamukoka mpaka bowo lomaliza, n'kufunsa mayi a kunyumba pamaso pa anthu onse kuti, "Kodi mwana wathuyu ku Joniko mukumamuphikira?"