Funso la aphunzitsi lomwe linandifikitsa ku Burg Eltz

Temu yathayi ndinalemba nkhani ya m'kalasi yokhudza malinga akale a ku Ulaya. Ndinalemba modzidalira kuti linga ankalimanga pansonga pa phiri kuti mdani azionekera akadali kutali. Aphunzitsi anangolemba mawu awiri m'mphepete mwa pepala: "Nanga Eltz?" Zinandiwawa, chifukwa mfundoyo ndinachita kuiloweza m'mabuku. Tchuthi chitafika ndinati ndikadzionere ndekha linga la Eltz limeneli, lomwe lili ku Germany.

Ndinatsika sitima pa Moselkern, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Mosel ku Germany, pakati pa Koblenz ndi Cochem. Kuchokera pamenepo ndi ulendo wapansi wa makilomita pafupifupi 5, kutsata kamtsinje ka Elzbach m'nkhalango. Maso anga anali m'mwamba njira yonse, kusakasaka nsanja pamapiri. Ndinangoona mitengo ndi matope, uku nsapato zatsopano zikunditulutsa matuza. Patatha ola ndi theka njira inakhota, ndipo lingalo linangoti mbwee patsogolo panga. Lili mkati mwa chigwa, pathanthwe lotalika mamita 70, madzi akulizungulira mbali zitatu, ndipo mapiri oyandikana nalo amalipitirira kutalika.

Ndinakhala pamwala kwa kanthawi, ndikudziseka. Njira yomwe ndinabwera nayo ija ndiyo inali yankho. Eni lingali ankafuna kulamulira chigwa chomwe amalonda ankadutsamo pochoka ku Mosel kupita kuminda yachonde ya ku Maifeld ndi kumapiri a Eifel. Kuona kutali sichinali chachikulu kwa iwo.

Koma mabuku anga sanali abodza kotheratu. Mu 1331 a Eltz anayambana ndi Balduin, bishopu wamkulu wa ku Trier. Iye anamanga kalinga kake, Trutzeltz, paphiri loyang'anizana nawo, n'kumawagenda ndi miyala ikuluikulu kuchokera kumtunda mpaka anagonja. Mtendere unadza mu 1336. Mabwinja a Trutzeltz akadalipo, ndipo ukaima pabwalo la Eltz umamva m'thupi kuipa kokhala kunsi kwa mdani.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi cha mkati. Dzina la Eltz linalembedwa koyamba mu 1157, m'kalata ya mfumu Friedrich Barbarossa. Mu 1268 abale anagawana chuma, banja n'kukhala nthambi zitatu, zomwe nyumba zake zimadziwika kuti Rübenach, Rodendorf ndi Kempenich. Palibe anasamuka. Nthambi iliyonse inamanga nyumba yake ndi khitchini yake pathanthwe lomwelo, onse akulowera chipata chimodzi, bwalo n'kukhala limodzi. Ndinakumbuka pamudzi pa agogo, pomwe ana a mimba imodzi amamanga moyandikana, aliyense mafuwa ake. Kusiyana kwake n'kwakuti thanthwe silikula, choncho banja likachuluka ankamanga chokwera, nyumba zina kufika nsanjika 8. Maonekedwe omwe alendo amajambula ndi mafoni aja anabadwa ndi kuchepa kwa malo basi. Mikangano ya utsi, madzi ndi phokoso la ana iyenera kuti inalipo ndithu.

Asilikali a ku France atagumula malinga ambiri a m'derali mu 1689, la Eltz linapulumuka chifukwa mmodzi wa m'banjamo anali mkulu wa asilikali kumbali ya France komweko. Linatetezedwa ndi chibale, osati makoma. Mpaka lero lili m'manja mwa banja lomwelo, ndipo chithunzi chake chinali pa ndalama yakale ya pepala ya ku Germany ya 500 Mark.

Pobwerera ndinavula nsapato n'kuviika mapazi mu Elzbach, madzi ozizira ngati a m'firiji. M'sitima yopita ku Koblenz ndinatulutsa kope n'kufufuta chiganizo choyamba cha nkhani yanga ija. Tsopano ikuyamba ndi njira ya amalonda, ndipo ndime ya banja, yomwe poyamba kunalibe, yatenga masamba awiri.