Jupiter waoneka pakhomo pathu

Usiku wathawu magetsi atangothima ndinatulutsa katelesikopu kanga panja, posakhalitsa ana a mulaini monse andizungulira, nawonso amayi alandilodi atulukira ati "achimwene tione nawo zimenezo". Ndinawalozera pulaneti ya Jupiter, pambali pake timadontho tinayi tili ndondondo, miyezi yake ija wasayansi Galileo anaiona mu 1610. Amayiwo kukanitsitsa ati ndamata chithunzi mkatimo kkkk.

Koma chandikhudza ndi kamtsikana ka Sitandade 6, mayina a mapulaneti onse 8 kamawatchula pamtima koma kamaganiza kuti zimenezo zimangokhala m'buku basi, kanakakamira pagalasipo osafuna kuchoka mpaka anzake kuyamba kudandaula. Ana athu akungoloweza zinthu zoti zili pamwamba pa denga lawo lomwe abale.

Loweruka kukapanda mitambo titulukanso, bwerani nawo ana.