Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Ma Z awiri pagalaja ya amalume

Ndinalekezera pamene amalume ananditenga ku Katete n'kubwera nane ku Lusaka kuti ndidzaphunzire umakanika pagalaja yawo ku Kalingalinga. Kuseri kwa galajayo kunkakhala galimoto yofundidwa lona. Tsiku lomwe anaivundukula anandiuza kuti, "Mphwanga, samba m'manja kaye."

Inali Datsun 240Z yofiira, boneti yaitali, mipando iwiri basi. Mwiniwake anali mkulu wina wa ku Kabulonga. Amalume ankaitchula mwaulemu ngati akutchula mfumu. Ankati mtundu umenewu unatuluka ku Japan mu 1969, ndipo unapambana mpikisano wa magalimoto wa East African Safari kawiri, koyamba mu 1971, kenako mu 1973 pamene ankayendetsa Shekhar Mehta.

Injini yake ndi ya malita 2.4, masilinda 6 ondondozana, makabuleta awiri osakaniza mpweya ndi petulo. Pamakabuleta amenewo m'pamene ndinakhetsa thukuta. Amalume ankatenga kapaipi ka labala, mbali ina pakamwa pa kabuleta, ina kukhutu kwanga. "Tamvera. Ikupuma mofanana?" Imodzi ikamakoka mpweya wambiri kuposa inzake, injini imanjenjemera ngati munthu wamalungo. Ndinkapotokola pang'ono, n'kumveranso, n'kupotokolanso, mpaka mawu awiriwo atakhala amodzi. Zinanditengera miyezi. Tsiku lomwe ndinakhoza, amalume sananene kanthu, anangondipatsa makiyi kuti ndiizungulitse pabwalo. Chiwongolero chake n'cholimba, ukamakhota pang'onopang'ono mapewa amadziwa.

Patapita zaka, galaja ili m'manja mwanga, mnyamata wina anabweretsa Nissan 350Z, mdzukulu wa Datsun ija, yomwe anaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Kumbuyo inalembedwa Fairlady Z, dzina lake la kwawoko. Mtundu uwu unayamba mu 2002. Injini ndi V6 ya malita 3.5, mphamvu zake pafupifupi kuwirikiza kawiri za yakale ija, ngakhale kuti n'njolemera makilogalamu oposa 1,400 pomwe 240Z imangopitirira 1,000 pang'ono. Titaiyesa pa Great East Road inandikankhira kumpando, mtima unagunda. Mabuleki ake ndi abwino kwambiri, ndipo dzimbiri siliidya pansi monga linkadyera Datsun. Izi sindingatsutse.

Koma itadwala sinandiuze kanthu. Ndinatchera khutu paliponse, ziii. Tinalumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero, ndipo kompyutayo ndi yomwe inaloza sensa yakufa. Tinasintha, mphindi 40 ntchito yatha, mnyamata wapita akusangalala. Ine ndinatsala ndi manja oyera komanso mtima wosakhuta.

Madzulo ake ndinapita kwa amalume ku Mtendere, maso awo anali atayamba kale kuchita khungu. Nditawafotokozera, anafunsa funso limodzi: "Nanga yofiira ija ikadalipo?" Ndinawauza kuti mkulu uja atamwalira, ana ake anaigulitsa kwa munthu wa ku South Africa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandituma m'chipinda kuti ndikatenge bokosi lawo la masipanala. Pamwamba penipeni panali kapaipi kaja.