Mabuku awiri ndi mbale ya amayi anga

Miyezi iwiri yapitayi ndakhala ndikuwerenga mabuku awiri mosinthanitsa: lina lonena za ulendo wa chakudya kuchokera kumunda mpaka m'mbale, lina lonena za thupi la mkazi akamasiya kusamba. Ndinkaganiza kuti nkhanizi n'zotalikirana, koma zinakakumana pa mbale ya amayi anga.

Ndili mwana, amayi ankadzuka pakati pa usiku mwezi wa June, kunja kuli chisanu, iwo thukuta lili kamukamu, n'kukakhala pakhonde kumadzikupiza ndi chitenje. Tinkati ndi malungo. Pano ndadziwa kuti chinali chizindikiro cha kusiya kusamba, komanso kuti akazi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Nthawi imeneyo estrogen, mahomoni achikazi, amachepa m'thupi, mafupa amayamba kufooka msanga, ndipo calcium, michere yomanga mafupa, amafunika kwambiri.

Nanga calcium achokera kuti? Mu nsima ya ufa woyera ndi wochepa zedi. Ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika m'madzi a laimu asanachipere, zimene zimawonjezera calcium komanso kumasula niacin, vitamini woteteza ku pellagra, matenda owononga khungu. Mbewuyo inafika kuno, koma nzeru ya laimuyo inatsala komweko. Ife timakonola, kuviika, gaga n'kuponyera nkhuku. Kuyambira 2005 ndondomeko za feteleza wotsika mtengo zakhala zikukankhira alimi ku chimanga, pomwe mawere, amene ali ndi calcium wochuluka kuposa chimanga kutali, atsala a thobwa basi.

Chomwe chinandilasa mtima ndi usipa. Timaudya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi momwe muli calcium. Koma pakhomo pathu usipa ukapezeka, amayi ankayamba kugawira bambo, kenako ife ana, iwo n'kususira msuzi. Ndikawafunsa ankati, "Idya mwanawe, ine ndalawa kale pophika."

Ndinaonanso kuti kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey amafunsa akazi a zaka 15 mpaka 49. Mkazi akakwanitsa 50, mafupa ake ali pachiopsezo, mafunso amenewo sakumufikanso. Zimenezi zandivutitsa maganizo sabata yonse.

Dzulo ndatumiza kumudzi chigoba cha usipa ndi ufa wa mawere, n'kuwaimbira foni amayi: "Amayi, izi ndi zanu nokha, musagawire adzukulu." Anaseka, n'kundifunsa ngati ineyo ndikudya mokwanira kuno kutauni.